Zhan Tianyou, Mwana Amene Adakaphunzira Kutali

1. Kubadwa kwake

Kum'mawa, kutali kwambiri, kuli dziko lalikulu dzina lake China. Kumwera kwa dzikolo kuli cigawo ca Guangdong. Kumeneko ndi kotentha, mvula imagwa yambiri, ndipo anthu amalima mpunga. Zhan Tianyou adabadwira kumeneko pa 26 Epulo 1861, pafupi ndi mzinda wa Guangzhou.

Ku China dzina la banja ndilo limayamba. Dzina la mwana limabwera pambuyo. Zhan ndi dzina la banja, Tianyou ndi dzina la mwanayo.

Makolo akale a banjali ankagulitsa tiyi. Koma malondawo adalowa pansi, ndipo pamene Tianyou ankabadwa, pakhomopo padalibe cuma cambiri. Ali wamng'ono, adayamba kuphunzira kuwerenga ndi kulemba Cichaina. Cichaina sicilembedwa ndi a, e, i, o, u. Ciri ndi zizindikiro zambirimbiri, ndipo ana ankazilemba ndi kaburashi koviika mu inki.

2. Maganizo a Yung Wing

Masiku amenewo ku China kudalibe njanji. Anthu ankayenda pansi, pa abulu, pa ngolo ndi pa mabwato. Mayiko a azungu adali ndi masitima, makina ndi mfuti zazikulu. China idali itagonja kawiri pa nkhondo zomenyana ndi Britain.

Padali munthu wina dzina lake Yung Wing. Iye adali ataphunzira ku America ali mnyamata. Mu 1854 adamaliza maphunziro ake pa yunivesite ya Yale. Adali munthu woyamba wa ku China kumaliza yunivesite ku America. Atabwerera kwawo, adapempha akuluakulu a boma kuti atumize ana kukaphunzira nzeru za makina. Adapempha kwa zaka zambiri osatopa.

Potsiriza boma lidavomera. Lidati litumiza anyamata 120, m'magulu anayi, anyamata 30 caka ciriconse. Aliyense adayenera kukhala ku America zaka 15. Atsikana sadasankhidwe, cifukwa nthawi imeneyo anthu ambiri sankalola mwana wamkazi kupita patali ndi sukulu.

Makolo ambiri adakana kupereka ana awo. Adali atamva mbiri zoopsa za dziko la kutsidya kwa nyanja. Ndiponso kholo lovomera lidayenera kusaina cikalata cowawa. Cikalataco cinkanena kuti mwana akadwala kapena kumwalira ali komweko, palibe woimbidwa mlandu.

Atate ake a Tianyou adazengereza. Bwenzi lawo lina lidawalimbitsa mtima, ndipo adasaina. Tianyou adakhoza mayeso ndi kulowa m'gulu loyamba. Adali ndi zaka 11.

3. Ulendo wautali

Anyamatawo adayamba apita ku mzinda wa Shanghai kukakonzekera. Mwezi wa Ogasiti 1872 adakwera sitima ya pamadzi. Adavala mikanjo yaitali ya kwawo. Adawoloka nyanja yaikulu ya Pacific. Ulendo wa pamadzi udatenga pafupifupi mwezi wathunthu.

Adatsikira ku San Francisco. Kumeneko adakwera sitima ya pamtunda. Injini yake inkadya malasha ndi kulavula utsi. Sitimayo idayenda usana ndi usiku, kudutsa mapiri ndi zigwa, kwa masiku angapo. Njanji imeneyo idali yatsopano, pakuti adaimaliza mu 1869. Ambiri mwa anthu amene adaswa miyala ndi kuboola mapiri pomanga mbali ya kumadzulo ya njanjiyo adali anchito ocokera ku China.

4. M'nyumba za eni

Atafika kum'mawa kwa America, anyamatawo adagawidwa. Ena adapita kukhala awiriawiri m'mabanja a ku Connecticut, ena m'mabanja a ku Massachusetts. Tianyou adapita ku West Haven, m'manja mwa banja la a Northrop, amene adali ndi sukulu yaing'ono ya anyamata pafupi ndi nyanja.

Zonse zidali zacilendo. Kwawo ankadya mpunga ndi timitengo tiwiri. Kuno adapeza buledi, mkaka ndi mbatata, ndipo adayenera kugwira foloko ndi mpeni. Kwawo kudali kotentha. Kuno nyengo yozizira madzi ankauma gwa ngati mwala, ndipo pansi ponse pankayera ndi cipale. Kalata yopita kwa amayi inkayenda milungu yambiri, yankho lake milungu inanso yambiri.

Vuto lalikulu lidali cilankhulo. Mwana wanjala, wodwala kapena wosowa kwawo amafuna kunena zimene ziri mumtima. Koma mawu a Cingerezi amene anyamatawo ankadziwa adali owerengeka. Mmodzi wa iwo, Yan Phou Lee, atakula adalemba buku losimba za masiku amenewo. Adafotokoza kuti pa nthawi ya cakudya ankawauza dzina la cakudya ciriconse, ndi kuwacenjeza kuti woiwala dzinalo sadyako. Motero mayina a zakudya adawaloweza msanga.

Miyambonso idali yosiyana. Mayi amene adalandira Yan Phou Lee adamukumbatira ndi kumupsompsona. Mnyamatayo adacita manyazi kwambiri, ndipo anzake adamuseka. Kwawo mwana wamkulu sankapsompsonedwa. Mayiyo adafuna kusonyeza cikondi, koma mwanayo sadazolowere cikondi ca mtundu umenewo.

Mabanja ambiri adawasamala bwino anawo. Adawatenga ngati ana awo enieni. Pang'onopang'ono mantha adayamba kutha.

5. Nkhani ya tsitsi

Amuna onse a ku China nthawi imeneyo ankameta kutsogolo kwa mutu. Tsitsi la kumbuyo ankalisunga ndi kuliluka, lalitali ngati cingwe. Lidali lamulo la mafumu a banja la Qing. Wodula tsitsilo ankayesedwa woukira mfumu.

Ana a ku America ataona mikanjo ndi tsitsi loluka, adayamba kuseka. Ankawanena anyamatawo kuti ndi atsikana. Ena ankawatsatira m'misewu. Nthawi zina pankabuka ndewu.

Anyamatawo adali pakati pa zinthu ziwiri. Akasunga tsitsi, anzawo a kusukulu ankawaseka. Akalidula, akuluakulu a kwawo akadawalanga ndi kuwabweza. Patapita nthawi adaloledwa kuvala zovala za ku America. Tsitsi lija ankalibisa m'malaya, kapena kulikulunga pamutu ndi kuvala cipewa.

Adaphunziranso masewera a kumeneko. Adakonda baseball, masewera omenya kampira kakang'ono ndi ndodo. Adapanga timu yawoyawo, dzina lake Orientals, ndipo Tianyou adali m'timumo. Pabwalo la masewera adapeza abwenzi ambiri.

6. Zilankhulo ziwiri

Tianyou atamaliza sukulu yoyamba, adalowa sekondale ya Hillhouse mu mzinda wa New Haven. Maphunziro onse adali m'Cingerezi. Adakonda masamu koposa zonse, ndipo ankakhoza bwino.

Koma boma la China silidafune kuti anawo aiwale ca kwawo. Mu mzinda wa Hartford mudali nyumba ya oyang'anira ndi aphunzitsi ocokera ku China. Anzawo a ku America akakhala pa chuthi, anyamatawo ankapita kumeneko m'magulu. Ankawerenga mabuku akale a kwawo, kulemba Cichaina, ndi kugwada kupereka ulemu kwa mfumu imene idali kutali.

Nchito idali iwiri, koma mutu umodzi. Anyamata ena ankadandaula. Ena Cingerezi cidawalowa kwambiri mpaka Cichaina cidayamba kuwathawa. Sadadziwe kuti tsiku lina adzacifuna kwambiri.

Mu 1878 Tianyou adalowa yunivesite ya Yale, imene Yung Wing adaphunzirapo. Adasankha kuphunzira kamangidwe ka njanji, misewu ndi milatho. Kumenekonso adalandira mphoto cifukwa ca masamu.

7. Kuitanidwa kwawo

Zaka zikupita, anyamata aja adasintha. Ankayankhula momasuka ndi kufunsa mafunso. Ena adayamba kupemphera m'machalichi. Owerengeka adadula tsitsi lawo. Woyang'anira wina watsopano, Wu Zideng, sadakondwere nazo. Adalemba makalata kwa akuluakulu ku China kuti anawo akutaya mwambo. Yung Wing adawaikira kumbuyo, koma mawu ake sadamveke.

Ku America nakonso zinthu zidaipa. Anthu ambiri adayamba kudana ndi anchito ocokera ku China, ponena kuti akuwalanda nchito. Boma la America lidakana kulandira anyamata a ku China m'masukulu ake a usilikali. Mu 1882 lidakhazikitsa lamulo loletsa anchito a ku China kulowa m'dzikolo.

Lamulolo lisanatuluke, mu 1881, boma la China lidalamula kuti anyamata onse abwerere. Aphunzitsi awo a ku America adalemba kalata yopempha kuti awasiye amalize. Boma lidakana. Anyamata oposa 90 adanyamula katundu wawo. Ambiri adasiyira maphunziro panjira. Amene adali atamaliza yunivesite adali awiri okha, Zhan Tianyou ndi Ouyang Geng. Enanso owerengeka sadabwerere konse, cifukwa adadwala ndi kumwalira ali komweko.

8. Alendo kwawo komwe

Pofika ku Shanghai, anyamatawo ankayembekeza kuona makolo awo padoko. Sizidatero. Adawakweza pa mawilibala ndi kuwadutsitsa m'misewu. Anthu ankaseka zovala zawo zacizungu. Kenaka adawatsekera m'nyumba yakale ya sukulu, alonda ali pakhomo, kwa masiku angapo.

Ku America adasekedwa cifukwa adali a ku China. Tsopano kwawo adasekedwa cifukwa ankaoneka ngati a ku America.

Tianyou adali ndi zaka 20. Adali ataphunzira kumanga njanji, koma sadamupatse nchito ya njanji. Adamutumiza ku Fuzhou kukaphunzira kuyendetsa sitima za pamadzi. Pambuyo pake adakakhala mphunzitsi ku Guangzhou, ndipo adajambula mapu a gombe la nyanja. Zaka 7 zidatha asadagwire nchito imene adaphunzira. Sadataye mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1888 mnzake wina wa m'gulu lija la ku America adamuthandiza kupeza nchito pa kampani ya njanji, kumpoto kwa China. Mkulu wa nchitoyo adali injiniya wa ku Britain, Claude Kinder. Tianyou adayambira pansi. Adathandiza kumanga mlatho waukulu pa mtsinje wa Luan, umene uli ndi mcenga wakuya ndi madzi aukali nthawi ya mvula. Mlathowo udatha mu 1894. Kuyambira pamenepo dzina lake lidayamba kumveka.

9. Njanji ya m'mapiri

Mu 1905 boma lidafuna kumanga njanji kucokera ku Beijing kupita ku Zhangjiakou, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Britain ndi Russia adakangana, dziko lirilonse likufuna kuti injiniya wake ndiye atsogolere. Pothetsa mkanganowo, China idati imanga yokha, ndi ndalama zake ndi anthu ake. Idasankha Zhan Tianyou kukhala injiniya wamkulu.

Alendo ambiri sadakhulupirire. Ankati anthu a ku China sangathe nchito yotere, cifukwa pakati pa mizinda iwiriyo pali mapiri aatali a miyala, kumene kumadutsa Khoma Lalikulu la China.

Tianyou adadziwa kulemera kwa katundu amene adasenza. Mu 1906 adalembera kalata amayi Northrop, amene adamusamala ali mwana. Adawauza kuti akalephera, tsoka silidzakhala lake lokha, cifukwa anthu adzaleka kukhulupirira mainjiniya onse a ku China.

Adayamba ndi kuyeza malo. Adakwera yekha m'mapirimo pamodzi ndi omuthandiza, atanyamula zida zoyezera. Ankafuna kuti muyeso uliwonse ukhale weniweni, osati wongoyerekeza.

Vuto loyamba lidali kuboola mapiri. Padafunika mapanga anayi odutsamo sitima. Lalitali koposa lidali la ku Badaling, la mamita 1,091. Makina akuluakulu okumbira padalibe. Kukumba kucokera mbali ziwiri zokha kukadatenga nthawi yaitali. Tianyou adalamula kuti akumbe citsime kucokera pamwamba pa phiri mpaka pakati. Anchito ena adatsikira m'citsimemo ndi kuyamba kukumba kuloza uku ndi uku, pamene anzawo ankakumba kucokera kunja. Onse adakumana bwinobwino mkati mwa phiri, cifukwa masamu adali olondola.

Vuto laciwiri lidali citunda. Pamalo ena njanji idayenera kukwera mamita 33 pa kilomita imodzi. Kwa sitima yolemera, kumeneko ndi kukwera kwakukulu. Munthu wosenza mtolo wa nkhuni sakwera phiri molunjika. Amapita cammbali, n'kutembenuka, n'kupitanso cammbali. Tianyou adacita cimodzimodzi ndi sitima. Njira yotere idalipo kale m'mayiko ena, ndipo iye adaona kuti ikuyenera pamalo amenewo.

Pa Qinglongqiao adayala njanji ya mphanda. Sitima inkakwera ndi mwendo umodzi wa mphandayo, n'kuima. Kenaka inkabwerera cambuyo, koma pa mwendo winawo, ikukwerabe. Injini zidali ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo. Ina inkakoka, ina inkakankha. Sitima ikatembenuka, yokoka ija inkasanduka yokankha. Njanji imeneyi imaoneka ngati cizindikiro ici ca Cichaina: 人. Tanthauzo la cizindikiroci ndi munthu.

Njanji yonse idatha mu 1909, zaka ziwiri nthawi yoikika isadakwane, ndipo ndalama zina zidatsalako. Idali njanji yaikulu yoyamba yomangidwa ndi anthu a ku China okhaokha. Pa nchito yonseyi Tianyou adagwiritsa zilankhulo zonse ziwiri. Mabuku a makina ndi makalata oitanitsira zida kunja zidali m'Cingerezi. Poyankhula ndi anchito ndi polembera boma ankagwiritsa Cichaina.

10. Masiku ake otsiriza

Tianyou adapitiriza kumanga njanji m'zigawo zina. Adaphunzitsa acinyamata ambiri. Adathandizanso kuyambitsa bungwe la mainjiniya a ku China, ndipo adakhala mtsogoleri wake woyamba.

Anzake amene adakaphunzira ku America nawonso adathandiza dziko lawo. Ufumu wa Qing utatha mu 1912, Tang Shaoyi adakhala nduna yaikulu yoyamba ya boma latsopano. Tang Guo'an adatsogolera sukulu ya Tsinghua, imene lero ndi yunivesite yaikulu. Lamulo la tsitsi loluka lidatha pamodzi ndi ufumuwo.

Mu 1919 Tianyou adapita kumpoto kozizira ku msonkhano wa za njanji. Adadwala ali komweko. Adabwerera ku Hankou, kumene adamwalira pa 24 Epulo 1919, kutatsala masiku awiri kuti akwanitse zaka 58. Manda ake ali pa Qinglongqiao, pafupi ndi njanji ya mphanda ija. Pomwepo pali cifaniziro cake ca citsulo. Anthu a ku China amamucha tate wa njanji za dziko lawo.

Mu 2019 adatsegula njanji yatsopano pakati pa Beijing ndi Zhangjiakou. Sitima zake zimathamanga mpaka makilomita 350 pa ola. Zimadutsa pansi pa mapiri omwewo a Badaling.

Lero anyamata ndi atsikana ambiri a ku China amapita ku sekondale za ku America, Britain, Canada ndi Australia. Amayenda pa ndege, ndipo amayankhula ndi makolo awo pa foni. Koma zina sizidasinthe. Amalimbanabe ndi cilankhulo catsopano ndi cakudya cacilendo. Amasowa kwawo. Ena amasekedwa. Mwana wotere amafuna mnzake womuitana kumasewera, ndi munthu wamkulu womumvetsera modekha.

Mawu atsopano

Njanji: msewu wa zitsulo umene sitima ya pamtunda imayendapo.
Injiniya: munthu wophunzira kumanga njanji, milatho kapena makina.
Doko: malo amene sitima za pamadzi zimaima.
Mapu: cithunzi cosonyeza mitsinje, mapiri ndi mizinda.
Cipale: madzi oundana, oyera, amene amagwa m'mayiko ozizira.

Mafunso

1. Kodi Zhan Tianyou adabadwira m'dziko liti?
2. Adali ndi zaka zingati pamene adacoka kwawo?
3. Chulani zinthu zitatu zimene zidamuvuta ku America.
4. N'cifukwa ciani anyamatawo ankabisa tsitsi lawo?
5. Kodi anthu adawalandira bwanji atabwerera kwawo?
6. Sitima inkakwera bwanji phiri pa Qinglongqiao?
7. Kodi zilankhulo ziwiri zidamuthandiza bwanji pa nchito yake?

Zocita

Jambulani pansi njanji ya mphanda. Tengani miyala iwiri ikhale injini, ndipo sonyezani m'mene sitima inkakwerera.

Kunyumba funsani amayi, atate kapena agogo ngati alipo wacibale amene adakakhala kudziko la eni ali wamng'ono. Afunseni zimene zidamuvuta ndi amene adamuthandiza. Mawa mudzasimbire anzanu.

Kambiranani m'kalasi: mwana wosadziwa cilankhulo canu akabwera pasukulu panu, mudzamulandira bwanji?